Maina ovuta aja amatchula alangizi si matama

Alimi anzanga, lero ndikufuna ndiwaikire kumbuyo alangizi pa nkhani imodzi imene ambirife timawanena nayo kuseri. Mlangizi akaima pamsonkhano nkutchula kuti Spodoptera frugiperda, anthu amayang'anana, ena nkumaseka chamumtima, ndipo pobwerera kumudzi mumamva akuti, "Aaa, amangofuna tidziwe kuti anapita ku Bunda. Bwanji osangonena kuti mbozi basi?" Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo lilime langa limapindika ndithu potchula mainawa. Koma ndikunenetsa kuti maina amenewa si matama. Mlimi amene amawanyoza akukankhira kutali chinthu chimene chikanamupulumutsira ndalama za mankhwala ndi matumba a chimanga.

Tiyambe ndi mbozi zomwezo. Kuno ku Mphunzi ndi kumapiri konse kwa Dedza, mbozi zikuluzikulu zimene zimatidyera chimanga zilipo za mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi khalidwe lakelake.

Woyamba ndi kapuchi, mnansi wathu wakalekale amene makolo anamupeza nkumusiya. Ophunzira amamutchula kuti Busseola fusca. Iyeyu amakonda madera okwera ndi ozizira ngati kwathu kuno. Akadali wamng'ono amadya masamba anthete nkusiya timabowo tondondozana, kenako amaboola phesi nkulowa m'kati. Mvula ikatha safa ayi. Amagona m'mapesi ouma chilimwe chonse osadya kanthu, kudikira mvula kuti asanduke gulugufe nkuikira mazira pa chimanga chatsopano. Ndiye amene waimika mapesi a chimanga chogwidwa ndi kapuchi m'mbali mwa munda, kapena wamangira mpanda wa bafa, wasunga mbewu ya kapuchi wa chaka chamawa. Kugwetsa mapesi nkuwagoneka pansi kuti dzuwa liwaombe kumapha ambiri.

Zachiwiri ndi ntchemberezandonda zenizeni, zimene akuluakulu amazidziwa bwino. Izi ndi Spodoptera exempta. Sizibwera chaka chilichonse. Zikabwera zimabwera chigulu, zakuda bii, zikuyenda ngati asilikali, kudya udzu wa m'dambo, kulowa m'munda kumeta masamba a chimanga, mapira ndi mawere nkusiya mitsempha yokha. Zimadyera poyera, choncho mankhwala amazipeza mosavuta, ndipo pakapita masabata ochepa zimalowa m'nthaka, m'mundamo nkukhala zii.

Yachitatu ndi mlendo uja anatipeza mu nyengo ya 2016/2017, amene pa wailesi amati fall armyworm. Poti analibe dzina la Chichewa, tinangomubwereka maina a anzake. Ena amati ndi kapuchi walusa, ena amati ntchemberezandonda zabweranso. Onse amanena zimene amaona, pakuti mbozi iyi imafananako ndi onse awiri, koma si kapuchi ndipo si ntchemberezandonda zathu zija. Iyi siyenda chigulu poyera. Imabisala mumtima mwa chimanga, muja mumatuluka masamba atsopano, nkumadya mwakachetechete ikusiya zitosi zangati utuchi. Zikakula zimadyana zokhazokha, nchifukwa chake mukasanthula mumapeza imodzi kapena ziwiri basi. Sigona m'mapesi ngati kapuchi, imafuna chakudya chachiwisi chaka chonse, ndiye chimanga cha m'madimba chathu ndi mlatho wake wowolokera chilimwe. Sichoka pakatha masabata ochepa, imakhala nanu mpaka chimanga chitabereka, nkulowanso m'chimangamo kukadya njere. Gulugufe wake amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi, ndipo wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira 1,000. Mukafuna kuizindikira yang'anani kumutu, pali chizindikiro ngati chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya zinayi za nyumba.

Tsono taganizani mlimi amene akuti zonsezi ndi mbozi basi. Amene akuganiza kuti ndi ntchemberezandonda adzapopera pamwamba pa masamba masana dzuwa likuswa mtengo, mbozi ili phee m'kati, kapena adzangodikira kuti zichoka zokha monga mwa nthawi zonse. Amene akuganiza kuti ndi kapuchi adzalimbana ndi mapesi ouma pamene mdani ali kudimba. Ndalama yapita, chimanga chapita. Mu Disembala 2017 zinthu zinafika poti Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha mbozi imeneyi.

Nanga dzina la Chilatini linathandizapo chiyani? Mbozi iyi kwawo ndi ku America, ndipo dzina lake lachiwirili, frugiperda, linaperekedwa kalekale mu 1797 ndi katswiri wina dzina lake J. E. Smith. Tanthauzo lake ndi ngati kunena kuti wowonongetsa zipatso. Kumayambiriro kwa 2016, pamene akatswiri a bungwe la IITA ku Nigeria anazindikira kuti mbozi yachilendo imene imadya chimanga kumeneko ndi Spodoptera frugiperda, zinali ngati apeza kiyi wa nyumba yodzaza ndi mabuku. Zonse zimene anthu a ku Brazil, Mexico ndi United States analemba kwa zaka zambirimbiri zinali pansi pa dzina limenelo: mmene imaswanirana, adani ake ndi ati, nthawi yabwino yopopera ndi iti, ndi mankhwala ati amene inawazolowera kale moti sakuiphanso. Akanakhala kuti anangolemba kuti "mbozi ya chimanga", akanayambira pachiyambi ngati palibe munthu anaionapo. Malangizo aja timamva lero, akuti muziyendera munda chimanga chikangomera, muziphwanya mazira, muzipopera m'mamawa kapena chakumadzulo mukulunjika mumtima mwa chimanga mbozi zikadali zing'onozing'ono, ambiri anabwera msanga chifukwa choti dzina linali lolondola. Zathu zija zothira dothi, mchenga, phulusa kapena msuzi wa usipa mumtima mwa chimanga kuti nyerere zibwere, nazonso akafuna kuziyesa ngati zikugwiradi ntchito ayenera kulemba kuti aziyesa pa mbozi iti, apo ayi wa ku Kenya sangadziwe ngati zikumukhudza.

Mwina mwaona kale kuti ntchemberezandonda zathu ndi mlendoyu dzina loyamba ndi limodzi, Spodoptera. Apa ndi pamene pali nzeru yonse ya mainawa, ndipo si yachilendo kwa ife Achewa. Munthu ali ndi mfunda, ali ndi dzina lake. Mukamva kuti a Phiri, a Banda, a Mwale, mwadziwa mtundu, koma a Phiri alipo ambirimbiri, ndiye pamafunika dzina lachiwiri kuti mudziwe kuti ndi a Phiri ake ati. Maina a sayansi ndi chimodzimodzi, kungoti iwo amayamba ndi mfunda. Spodoptera ndi mfunda, exempta ndi frugiperda ndi ana awiri a banja limenelo, wina wobadwira kuno ku Africa, wina ku America. Kapuchi mfunda wake ndi wina. Anakhazikitsa kalembedwe aka ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, mu 1753 pa zomera ndi mu 1758 pa nyama ndi tizilombo. Iye asanatero, dzina la chomera chimodzi limatha kukhala chiganizo chathunthu, aliyense nkumalemba mwake. Chilatini chinali chilankhulo chimene ophunzira a ku Ulaya ankalemberana nthawi imeneyo, ndipo ubwino wake lero ndi woti palibe mtundu wa anthu umene umachilankhula pakhomo. Mngelezi nayenso amachiphunzira movutikira ngati ife. Dzinalo silikhala m'malere. Amene akutcha chomera dzina amasunga chitsanzo chake chouma, kuti wina akadzakayika adzapite kukayerekeza. Kwathu kuno zitsanzo zotere amasunga ku National Herbarium ku Zomba.

Kudziwa mfunda wa mbewu kuli ndi phindu lenileni kwa ife a ku Dedza, ndipo chitsanzo chili m'munda mwa aliyense. Timati mbatata ya kachewere, timatinso mbatata ya kholowa, ngati ndi pachibale. Si a banja limodzi ayi. Ya kholowa ndi Ipomoea batatas. Kachewere, mbatatesi imene imadzaza malole pa Bembeke ndi pa Lizulu, ndi Solanum tuberosum. Tsono mvetserani dzina la tomato: Solanum lycopersicum. Mabilinganya ndi Solanum melongena. Ngakhale nthula ya kutchire ija ndi Solanum. Ndiye kuti mbale weniweni wa kachewere ndi tomato, ndipo fodya ndi msuweni wawo, mfunda wake ndi wina koma banja lalikulu ndi lomwelo. Anthu apachibale amadwala matenda amodzi. Chiwawu chija chimapsereza masamba a kachewere kukakhala nkhungu ndi mvula yamvumbi, chimene amati Phytophthora infestans, ndi chomwecho chimapsereza tomato. Matenda aja ofota, mbewu nkungolefuka ili yobiriwira, amakhala m'nthaka ndipo amagwira kachewere, tomato ndi fodya yemwe. Ndiye munthu akamati ndachita kasinthasintha, chaka chatha munali kachewere chaka chino ndaika tomato, sanasinthe kanthu. Wachotsa mkulu nkuikapo mng'ono wake, matenda akungosekerera. Koma kuika chimanga, nyemba, kapena mbatata ya kholowa imene timaiyesa mbale wake ija, kumeneko ndiye kusintha. Dzina lathu likanatisocheretsa apa, la Chilatini likutiuza zoona. Chiwawu chomwechi ndi chimene chinagwetsa njala yoopsa ku Ireland kuyambira mu 1845, anthu pafupifupi 1 miliyoni nkumwalira. Timati ayirishi, chonsecho mbatatayi kwawo ndi kumapiri a Andes ku South America. Dzina la pamsika limanama chonchi, wina aliyense osadandaula.

Nkhani imene inandigwira mtima kwambiri ndi ya kodikodi, tizilombo toyera ngati ufa timene timayamwa nsonga za chinangwa mpaka masamba kukwinyika. Kuno kumtunda chinangwa si chakudya chathu chenicheni, koma anzathu a ku Nkhata Bay amene nsima yawo ndi kondowole anaona zakuda chapakati pa zaka za m'ma 1980 pamene kodikodi anafika kumeneko. Tizilomboti tinalowa mu Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 cha ku Congo, ndipo mu 1977 tinapatsidwa dzina loti Phenacoccus manihoti. Akatswiri anaganiza bwino: chinangwa chinachokera ku America, ndiye kodikodi nayenso kwawo ndi komweko, ndipo kwawoko payenera kukhala mdani amene amamudya, nchifukwa chake kumeneko savuta. Anapita kukafufuza. Chakumpoto kwa South America anapeza kodikodi wofanana naye kwambiri, anatenga adani ake nkubwera nawo. Adaniwo atapatsidwa kodikodi wa ku Africa, sanachite naye kanthu. Nthawi inapita, minda ya anthu ikutha. Atayang'anitsitsa anapeza kuti uja anamupeza ndi mtundu wina, wachikasu, wokhala ndi amuna ndi akazi, pamene wovuta ku Africa ndi wofiirira ndipo ndi akazi okhaokha oswana popanda amuna. Winayo anamupatsa dzina lake, Phenacoccus herreni, mu 1981. Chaka chomwecho katswiri wina, Anthony Bellotti, anapeza manihoti weniweni kutali kummwera, ku Paraguay. Kumeneko ndi kumene kunapezeka kamavu kakang'ono kwambiri, Anagyrus lopezi, kamene kamaikira dzira m'thupi mwa kodikodi, mwana wake nkumamudya m'kati. Hans Herren ndi anzake a ku IITA anakaweta nkukamwaza m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, ndipo chinangwa chinapulumuka popanda mlimi kugula botolo la mankhwala. Herren analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995 chifukwa cha ntchito imeneyi. Onani tsono: tizilombo tiwiri timene ine ndi inu tikanati ndi kodikodi yemweyo, kusiyanitsa kwake kunali kusiyana kwa njala ndi chakudya kwa anthu mamiliyoni. Munthu amene amakhala pa galasi loonera tinthu ting'onoting'ono tsiku lonse nkumakangana ndi anzake za dzina, tisamamuone ngati wosowa chochita.

Za m'nkhokwe nazo ndi zomwezo. Nankafumbwe wathu wakale ndi Sitophilus zeamais. Uja timati nankafumbwe wamkulu, woboola ndi mitengo ya nkhokwe yomwe, amene analowa m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kudzera ku Karonga kuchokera ku Tanzania, ndi Prostephanus truncatus, ndipo si mkulu wake wa winayo ayi, ndi banja lina. Mankhwala amene amapha woyambayo bwinobwino sankamugwira mokwanira wachiwiriyu, nchifukwa chake mankhwala a ufa osungira chimanga anayamba kubwera osakaniza mitundu iwiri m'botolo limodzi.

Wina anena kuti, chabwino, koma maina athu alipo, bwanji osangolemba athuwo? Funso ndi loti athu ake ati. Chimanga chomwechi ku Rumphi ndi ku Mzimba amati ngoma kapena vingoma, pamene kwa ife ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Mukangodutsa malire apa kulowa ku Angónia, abale athu amalankhula ngati ife koma pa pepala la boma ndi pa botolo la mankhwala alemba Chipwitikizi, milho. Ana athu ali ku Johannesburg akumva dzina linanso. Koma Zea mays ndi Zea mays ku Ulongwe, ku Lilongwe, ku China. Mankhwala ambiri amene amayenda m'misika yathu malemba ake ndi a zilankhulo zimene sitimva, ndipo nthawi zambiri chinthu chokhacho chimene mungachizindikire pa pepalapo ndi dzina la Chilatini la kachilomboko, ngati munalilemba penapake. Masuku nawo: a m'phiri lathu ndi Uapaca kirkiana, pamene aja timati masuku achizungu ndi Casimiroa edulis wochokera ku Mexico, mitengo iwiri yosadziwana nkomwe.

Ndipo zoti mlimi sangathe kutchula maina amenewa ine ndimakana. Timawatchula tsiku ndi tsiku osadziwa. Lukina amene timadyetsa mbuzi ndi Leucaena. Malaina ndi Gmelina. Kesha anachokera ku Cassia. Gilisidiya wa m'minda ndi Gliricidia. Kambozi kaja kanatisautsa pa tomato zaka zapitazi, mayi aliyense wa pamsika amati tuta, ndipo Tuta ndi Chilatini chenicheni, Tuta absoluta. Palibe anapita ku Bunda kuti atchule tuta. Tinalitenga, tinalipinda kuti likwane pakamwa pathu, basi. Anthu amene timatchula Nebukadinezara ndi Melikizedeki ku tchalitchi osaphonya, tingalephere Striga?

Sindikuti zonse za mainawa zimandisangalatsa. Chimandiwawa ndi ichi: msuku umene agogo a agogo athu ankatola zipatso zake, pa mabuku a dziko lonse ukutchedwa ndi dzina la John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone m'zigawo zino. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, ndi Widdringtonia whytei, kukumbukira Alexander Whyte. Anthu amene anawalozera mitengoyo, amene anawanyamulira katundu nkuwauza kuti uwu timadya, uwu ndi mankhwala, maina awo palibe. Pena ndi pena dzina lakwathu linalowako, monga mtundu wina wa chambo umene amati Oreochromis lidole potengera mmene asodzi a kunyanja amautchulira, koma ndi mwa apo ndi apo. Ana athu amene akuphunzira za nkhalango pa Chongoni apa ndi a ku Bunda, akadzapeza chomera kapena kachilombo kosalembedwa, adzakumbukire kuti Chichewa nacho chimakwana m'dzina la sayansi.

Chinanso, eni akewo amasinthasintha. Msangu, mtengo uja umayoyola masamba nthawi ya dzinja nkumanenepetsa chimanga pansi pake, mabuku akale amati Acacia albida, atsopano akuti Faidherbia albida. Tuta yemwe uja, tangomuzolowera, akuti tsopano ndi Phthorimaea absoluta. Zimatopetsa. Komabe ndikayang'ana chifukwa chake ndimaleza mtima. Amasintha akapeza kuti chinthucho anachiika m'banja lolakwika, ndipo dzina lakale salitaya, amalilemba pambali kuti wofufuza asasochere. Taonani kumene amuika tuta: mfunda wa Phthorimaea ndi womwewo wa kambozi koboola mbatatesi m'munda ndi mosungira, Phthorimaea operculella. Mlimi wa kachewere akamva zimenezo ayenera kutcherako khutu.

Komanso dzina palokha si mankhwala. Ombwe, umene ena amati mthuthu, ndi Tephrosia vogelii, ndipo mabungwe akhala akutilimbikitsa kuubzala kuti ukonze nthaka komanso kuti masamba ake tizipha nawo tizilombo. Alimi ena amati umagwira ntchito, ena amati ndi bodza, mpaka kukangana. Akatswiri a ku Kew ku England pamodzi ndi akwathu kuno anatola zitsanzo m'malo 13 m'Malawi muno, ndipo zimene anatulutsa mu 2012 zinaonetsa kuti pafupifupi chitsamba chimodzi pa zinayi zilizonse chinalibe mphamvu yophera tizilombo ija, chonsecho dzina ndi lomwelo, maonekedwe ndi omwewo. Ndiye onse okangana aja amanena zoona. Apa dzina la mawu awiri linafika pamalire ake. Koma onaninso kuti anatha kuzindikira vutolo chifukwa anayamba atsimikiza kuti zitsamba zonsezo ndi mtundu umodzi. Popanda pamenepo akanangoti mwina alimi asokoneza zitsamba, nkhani nkuthera pomwepo.

Maina athu asatayidwe, zimenezo ndiye ayi. Ali ndi nzeru imene Chilatini chilibe. Amene anatcha kaufiti dzina limeneli anaona chimanga chikufota, chikupinimbira, popanda chooneka chikuchidya, ndipo patapita nthawi ndi pamene kamaluwa kofiira kakutulukira. Dzinalo lafotokoza khalidwe lonse, pakuti kaufiti amayamwa mizu ya chimanga ali pansi, asanaonekere. Mayi wa kuno akapita kokazula bowa m'phiri amasiyanitsa utale, manyame ndi bowa wakupha popanda buku, ndipo akatswiri akabwera amafunsa iyeyo. Koma nzeru ya mayiyo imagwira ntchito m'phiri limene anakulira. Mumutengere dera lina kumene kuli bowa wofanana ndi wakwawo koma wapoizoni, dzina lija silimuteteza. Dzina lathu ndi la pakhomo, lotchulana ife odziwana. La Chilatini lili ngati nambala ya pa chitupa cha unzika, yosakoma kuitchula, koma ndi imene imagwira ntchito mukapita kumene sakudziwani.

Pamene ndimawadzudzula alangizi ena ndi apa: kutchula dzinalo mothamanga kamodzi, ngati akutsokomola, nkupitirira. Kumeneko ndiye kumaoneka ngati matama, ndipo anthu akaseka musawadabwe. Lilembeni pa bolodi kapena pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu, pambali pake dzina lathu, pambali pakenso chithunzi kapena kachilombo kenikeniko m'botolo. Tiuzeni kuti mbale wake ndani, pakuti phindu lagona pamenepo. A wailesi nawo, m'malo mongoti mbozi zavuta m'boma lakuti, anene kuti ndi mbozi iti. Ogulitsa mankhwala m'misika, munthu akabwera nkuti ndikufuna mankhwala a mbozi, musamangotsitsa botolo limene latsala pang'ono kutha mphamvu. Mufunseni kuti ikudya pati, ikuoneka bwanji, nkumuonetsa pa pepala la botololo pamene palembedwa dzina lake. Ngati inu ogulitsa simudziwa kusiyana kwa Busseola ndi Spodoptera, mukugulitsa chiyani?

Ifenso alimi tili ndi mbali yathu. Safunsa anadya phula. Mukapeza kachilombo kachilendo, kaikeni m'kabotolo pamodzi ndi tsamba limene kamadya, mupite nako kwa alangizi kapena ku chipatala cha mbewu kumene chilipo, ndipo musachoke asanakulembereni dzina lake lonse, mawu awiri. Kope lija mumalembamo ngongole za feteleza ndi masiku obzala, tsamba lakumapeto likhale la maina. Masiku ano alipo ana odziwa kufufuza pa foni. Akalemba kuti mbozi ya chimanga pa intaneti sapeza zolongosoka, koma akalemba Spodoptera frugiperda zithunzi zibwera mbwee, muyerekeze nokha ndi chimene chili m'munda mwanu.

Yesani ndi kaufiti dzinja likubwerali. Ambirife timadziwa kuti munda ukagwidwa ndi kaufiti, kubzalamo mtedza, soya kapena khobwe kumathandiza, chifukwa njere zake zina zimamera nkusowa poyamwa nkufa. Zimenezo ndi zoona kwa Striga asiatica, wa maluwa ofiira kawirikawiri, amene amayamwa chimanga, mapira ndi mawere. Koma pali wina amene timamutchanso kaufiti, wa maluwa achikasu, Alectra vogelii, ndipo iyeyu chakudya chake ndi khobwe, mtedza, soya ndi nyemba zomwezo. Kubwereza mbewu zimenezi m'munda mmene muli iyeyu ndi kumuphikira phwando, pamene chimanga sachikhudza. Ndiye mukaona kaufiti weramani muone duwa, muonenso kuti wamera pa mbewu yanji, mumuzule asanabereke njere chifukwa njerezo zimakhala m'nthaka zaka zambiri, ndipo mukakakumana ndi alangizi mukawauze kuti ndi uti mwa awiriwa musanagwirizane zoti mubzalemo chiyani chaka chamawa.